Tsiku Limene Amayi Anaderera Njinga ya Atate

Ndikukumbukira bwino mwezi wa Ogasiti wa chaka chimene ndinalemba mayeso a Sitandade 8. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Uthenga utafika woti ndasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera ya kuseri kwa Santhe, amayi anga, aNabanda, analuluta mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Atatha kululutako anakhala pakhonde n'kuyamba kuyang'ana mapazi anga. Sukuluyo inali kutali ndi mudzi wathu. Mwana woyenda wapansi, ngakhale atalawira chotani, akanapeza anzake ali pakati pa phunziro, ndipo pobwerera dzuwa likanamulowera panjira. Panafunika njinga.

Kale njinga pakhomo pathu inalipo. Inali ya atate, yakuda, yolemera, yoti inkanyamula belo la fodya popanda kudandaula. Ndili ndi zaka zinayi, atate anandikweza pa keliyala popita ku tchalitchi, ndipo chidendene changa chinalowa m'masipoko. Chipsera chake ndili nacho mpaka lero. Amayi amanena kuti tsiku limenelo atate analira kuposa ine. M'mawa mwake anapita nayo njingayo kwa wowotcherera ku Santhe, amene anamatika tizitsulo tiwiri m'mbali mwa felemu, m'mwamba ndithu pamene pamafika miyendo ya mwana, kuti ndizipondapo. Tizitsuloto sitinali tokongola. Kakumanzere kanali kopendekeka, ndipo tonse tiwiri atate anatikulunga ndi mphira ya chubu chakutha kuti tisandicheke. Belu lake nalonso linali la mtundu wakewake. Linang'aluka pang'ono, ndiye m'malo molira ngati mabelu a anthu ena linkangokhosomola. Tikamva kukhosomola kumeneko kumsewu, ine ndi azing'ono anga tinkathamanga kukawachingamira.

Ndili Sitandade 5 atate anadwala nthawi yaitali. Fodya wa chaka chimenecho anawolera m'chigafa chifukwa amayi ankakhalira kuchipatala ku Boma. Zinthu zitathina, amalume anatenga njinga ija n'kukaigulitsa pa msika wa ku Santhe kwa munthu wodutsa amene sitinamudziwe. Atate anauzidwa itapita kale. Sanakwiye. Anangofunsa ngati wogulayo anali ndi mwana wamng'ono, ndipo amalume anati zimenezo sanafunse. Mvula yoyamba isanagwe, atate anatisiya.

Pano ndiyenera kunenapo za amayi anga ndi msika. Pakhomo amayi ndi munthu wofatsa, woti mlendo sachoka osamwa madzi. Koma akangoponda pamsika amasanduka munthu wina. Anyamata ogulitsa kaunjika ku Santhe ankati akawaona akubwera, ankauzana moseka kuti abise zabwino chifukwa aNabanda afika. Sikunali kuuma mtima. Kwa mkazi wamasiye wa ana atatu, kunenerera inali ntchito ngati kupalira, ndipo ankandiphunzitsa ntchitoyo monga ankandiphunzitsira kupeta. Ankati chinthu chimene wachikonda usachiyang'ane kawiri, chifukwa wogulitsa amawerenga mtengo m'maso mwako. Uchipezere chilema, ndipo ngati chilibe, uchipangire ndi pakamwa. Ukatchula zako iye n'kukana, tembenuka uzipita, ndipo ngakhale khosi likuyabwa usacheuke. Usanafike patali akuitana.

Ndipo ankaitanadi. Ndinaona ndi maso anga wogulitsa mapoto akuwathamangira mpaka pa chigayo, akuti, "Tengani mayi, mwandipha kale." Amayi ankabwerera ndi nkhope ya munthu amene akuchitira mnzake chifundo, n'kupemphanso basera. Ine ndinkanyadira. Ndinkaganiza kuti padziko lonse palibe chinthu chimene amayi anga sangachitsitse mtengo.

Kuti njinga ipezeke, amayi anagulitsa mbuzi ziwiri mwa zitatu zathu, ndi mtedza umene ankasungira kuti mitengo ikwere. Ndalamazo anazimanga pa nsonga ya chitenje. Pa njinga yatsopano sizikanakwana, koma sanade nkhawa, chifukwa nyengo yake inali yabwino. Kwathu kuno Ogasiti ndi Sepitembala ndi miyezi ya kusamuka. Msika wa fodya ukamatha, matenanti, anthu ochokera m'maboma ena amene amalima fodya m'maesiteti, amalandira zawo ndipo ambiri amabwerera kwawo. Lole yowatenga silola katundu wambiri. Choncho zimene sangathe kunyamula amaziyala pabwalo, ndipo anthu a m'midzi yozungulira amabwera kudzagula. Aliyense amadziwa kuti mtengo wa m'mawa si wa masana. Lole ikangolira hutala, mtondo umene mwini wake ankaukakamira umapita pa mtengo wa sopo.

Mayi wina wa kumpingo kwathu anauza amayi kuti pa esiteti ina ya tsidya la dambo, kapitawo woyang'anira matenanti anamwalira mwezi wa Juni, ndipo mkazi wake akubwerera kwawo ku Phalombe Loweruka likubwerali. Akugulitsa zonse, njinga yomwe. Loweruka lake tinanyamuka m'mamawa awiriwiri. Tinadutsa minda ya fodya imene inatsala zitsa zokhazokha, ndi zigafa zopanda kanthu zimene mphepo inkalowa uku n'kutulukira uko. Fungo la fodya linali lisanathe m'zigafamo. Fumbi lofiira linkatikwera mpaka m'mawondo. Amayi anali osangalala, ankaimba nyimbo ya chigwirizano chapansipansi, ndipo anandikumbutsa kuti tikafika ndisatsegule pakamwa.

Tinapeza anthu atadzaza kale. Katundu yense wa m'nyumba anali panja: bedi lamatabwa lopanda matiresi, mtondo ndi misi yake, ndowa, makasu, simbi ya makala, wailesi, nsapato za jombo zimene zinali ndi matope ouma. Jekete la malemu linapachikidwa pa nthambi ya mango, mphepo ikuliyendetsa. Sindinaonepo nyumba itavula chotero. Zinthu zimene pakhomo pa munthu umachita manyazi kuziyang'ana, apa aliyense ankazigwira, kuzigogoda, kuzinunkhiza.

Mwini katunduyo, amene anthu ankamutchula kuti make Esinati, anakhala pa mphasa pafupi ndi khomo, atamanga mpango wakuda. Anali wamng'ono kwa amayi anga. Kamtsikana ka zaka ngati zisanu kanagona pa miyendo yawo. Mitengo pamenepo inali yosokoneza mutu. Ukafunsa make Esinati, ankangoti, "Kaya, nenani inuyo." Ukafunsa achimwene awo, amene anabwera kuchokera ku Phalombe kudzawatenga, ankatchula mtengo wa m'sitolo. Ndiye ochenjera ankadikira kuti achimwenewo atembenuke n'kuthamangira pa mphasa. Mayi wina anakwiya atamva kuti mnzake wagula ndowa yabwinobwino motchipa kuposa beseni lobooka limene iye anagula, ndipo ankafuna kuti amubwezere. Bambo wina anavala jekete lija, akudandaula kuti mikono yake ndi yaifupi, koma osalivula. Pansi pa mtengo panakhala gulu la amayi amene sankagula kalikonse. Amayi anga atawapatsa moni, mmodzi anati, "Ife tikudikira abwana Lole. Ndi okhawo odziwa mitengo pano." Onse anaseka.

Njinga inatsamira khoma la kumbali kwa nyumba. Ndinaiona koyamba cha kumbuyo. Chishalo chinali china, matayala anali ena, koma m'mbali mwa felemu munali tizitsulo tiwiri, kakumanzere kopendekeka, tokulungidwa ndi mphira yakuda. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiitane, koma amayi anali ataiona kale. Ananditsina pamkono mwamphamvu moti chizindikiro chake chinakhala masiku.

"Tseka pakamwa, Madalo," anandinong'oneza. "Sukuidziwa."

Anayamba kaye ayang'ana makasu, kenako simbi, kenako anafunsa mtengo wa wailesi imene sankaifuna. Atazungulira choncho ndi pamene anafika pa njinga, ngati mwangozi, n'kufunsa ngati nayonso ili pa malonda.

Pa njinga pokha make Esinati sananene kuti nenani inuyo. Anatchula mtengo okha, osayang'ana achimwene awo, ndipo anati ndi umene amuna awo anagulira. Ndinalipo pamene amayi ankamanga mfundo ya pa chitenje ija, ndiye ndinadziwa kuti zikukwana, n'kutsalako pang'ono. Ndinadikira kuti dzanja lawo lipite pa mfundoyo.

M'malo mwake ndinamva kaseko kawo ka pamsika. Anagogoda tayala ndi phazi n'kunena kuti latha ngati mutu wadazi. Anakweza tcheni ndi chala, akuti sichifika Khirisimasi. Analiza belu, ndipo belu lija linakhosomola. Iwo anafunsa anthu amene anatizungulira ngati limeneli ndi belu kapena nkhuku ya chitopa. Anthu anaseka. Kenako anawerama n'kugwira tizitsulo tija.

"Nanga izi? Anaika ndani zonyansazi? Munthu wanzeru zake angaononge felemu chonchi? Ndikagula ndiye kuti ndikalipirenso wina kuti akazidule."

Anatchula theka la mtengo.

Chidendene changa chinayamba kuyabwa, ndipo ndinachibisa kuseri kwa phazi linalo. Make Esinati sanakweze mawu. Anayang'ana kamwana kamene kanali pa miyendo yawo n'kukakonza kolala ya diresi.

"Ngati ndi yakutha isiyeni, mayi," anatero.

Achimwene awo anayesa kulowererapo, akuti amayi awonjezere pang'ono amvane. Amayi anapukusa mutu, anapukuta manja pa chitenje ngati agwira zauve, n'kundiuza kuti tizipita.

Tinayenda. Ndinkamvetsera kumbuyo ndi thupi langa lonse. Tinadutsa bedi, tinadutsa amayi a pansi pa mtengo aja, tinafika pamene bwalo limathera. Amayi anachepetsa liwiro, monga ankachitira ku Santhe pofuna kupatsa wogulitsa mpata woitana. Palibe anaitana. Tinkangomva mayi wa beseni uja akulongololabe.

Tinakakhala kuseri kwa chigafa china m'mphepete mwa msewu, pamene anthu a pabwalo sakanationa. Atangokhala pansi, nkhope ya pamsika ija inachoka.

"Ndi yomweyo," anatero. "Mphira ija ndinadula ndine, ndi mpeni wa kukhitchini."

Ndinawauza kuti ndalama zikukwana, tibwerere tikaitenge. Anandiyankha kuti zikukwanadi, koma yunifolomu ndi nsapato zichokera kuti, kapena ndikuganiza kuti kusukuluko ndizikavala njinga? Anati mayi uja akangodziwa kuti inali ya atate, mtengo ukwera mpaka kumitambo, chifukwa munthu wogulitsa ndi wogulitsa basi. Tingodikira lole. Ikangolira, atipatsa pa mtengo wathu, ndipo tipita kwathu ndi njinga ndi yunifolomu yomwe. Ankalankhula ngati akuuza ine, koma maso awo anali pa ngodya ya chigafa. Amayi anali asanalepherepo.

Dzuwa linakwera. Tinadya chinangwa chimene tinatenga. Anthu ankadutsa pamsewu, wina atasenza mtondo, wina atakolekera jombo zija m'khosi. Kenako, kuchokera cha kubwalo kuja, tinamva belu likukhosomola.

Anali bambo wachinyamata wa chipewa chofiira, mmodzi wa anthu a kabaza amene amanyamula anthu pa njinga ku Santhe. Ankapalasa mosathamanga, akuyesa mabuleki. Sindinaonepo amayi akuthamanga ngati tsiku limenelo. Patapata mmodzi anatsala m'fumbi. Anaimirira pakati pa msewu n'kugwira mahandulo ndi manja onse awiri, ndipo malamulo onse amene anandiphunzitsa anawaphwanya pa kamphindi kamodzi. Anamuuza kuti njingayo inali ya malemu amuna awo, kuti mwana uyu ndi amene ankapondapo apa, kuti akuifuna. Anamasula mfundo ija ndi mano n'kumuonetsa zonse zimene zinalimo.

Bamboyo anayang'ana ndalamazo, anayang'ana misozi ya amayi, n'kutchula mtengo woti ngakhale tikanagulitsa mbuzi yotsala sitikanaufika. Amayi anamuchonderera, anamutchula kuti mwana wanga, achimwene, bwana. Iye anati pepani mayi, njinga zolimba chonchi masiku ano sizipezeka, ndipo wagula kuti adyetse ana ake. Sanali wamwano. Anachotsa manja a amayi pa mahandulo mwaulemu ndithu. Ponyamuka anawonjezera kuti tizitsuloto akatidula mawa, chifukwa tili m'mwamba kwambiri, makasitomala akuluakulu sangapondepo. Tinaima pamsewupo mpaka fumbi lake linatha.

Ndinkaganiza kuti tizipita kwathu, koma amayi anatola patapata wawo n'kubwerera kubwalo kuja. Lole inali itafika, ndipo amayi a pansi pa mtengo aja anali atadzuka, akulimbirana mbale ndi makasu pa mitengo imene ankaidikira. Make Esinati anali pa mphasa pomwe paja. Amayi anagwada pa nsonga ya mphasayo.

"Bwanji simunandiitane, mayi?"

"Ndikuitaneni kuti mudzaitukwanenso?"

Make Esinati sananene mokalipa. Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pansi. Anati kuyambira m'mawa anthu akhala akunyoza mbale zawo, bedi lawo, jekete la amuna awo, ndipo iwo amangoti chabwino, chifukwa lole sidikira. Koma njinga ija amuna awo ankaitsuka Loweruka lililonse. Tsiku limene anaigula ku Santhe panali njinga zina zooneka bwino, koma anasankha imeneyo chifukwa cha tizitsulo tija, poti Esinati anali atangoyamba kuyenda. Anafika nayo kunyumba akunena kuti amene anaika izi anali bambo wodziwa kulera mwana. Esinati wakulira pamenepo, popita kusikelo, popita kutchalitchi. Ndiye kumva munthu akuti ndi zonyansa, anthu n'kumaseka, anangoti bola ipite kwa wina aliyense. Wa kabaza uja atabwera anaisisita chishalo n'kunena kuti mwini wake ankaisamala. Mawu amenewo okha anamuchotserako mtengo osapempha n'komwe.

Amayi anandikoka kuti ndikhale pansi, anagwira phazi langa lakumanzere, analipukuta fumbi ndi chitenje chawo, n'kulitembenuza kuti chipsera cha pa chidendene chioneke. Make Esinati anayang'ana chipseracho nthawi yaitali. Kenako anayang'ana khoma pamene njinga inatsamira, n'kuyang'ananso amayi.

"Anali amuna anu?"

Amayi anagwedeza mutu.

"Alipo?"

Amayi anapukusa mutu.

"Mukanangonena, amayi anzanga," anatero make Esinati. "Mukanangonena. Ine ndimafuna ipite kwa munthu woidziwa."

Analira onse awiri pa mphasa paja, mwakachetechete, anthu akudutsa ndi katundu uku ndi uku. Wa lole analiza hutala. Achimwene aja anabwera kudzapinda mphasa, ndipo make Esinati anadzuka n'kulowa m'nyumba yopanda kanthu ija. Anatuluka ndi pampu ya njinga, imene inaiwalika kuseri kwa chitseko, n'kundipatsa ine m'manja. Dzanja la amayi linapita pa mfundo mwachizolowezi, koma make Esinati analigwira. Anakwera lole, Esinati anamukweza pa matumba, ndipo sitinawaonenso.

Pampuyo sinali ya atate. Atate analibe pampu, ankabwereka kwa aneba. Inali ya kapitawo uja, munthu amene sindinamuonepo nkhope, amene ngakhale dzina lake sindinalifunse. Ndinainyamula njira yonse yobwerera. Amayi sanaimbe. Titayandikira dambo anaima, n'kunena osandiyang'ana kuti, "Ndawatukwana atate ako pagulu, Madalo. Anthu mpaka anaseka." Ndinafuna kuwauza kuti atate akanamvetsa, kuti ankachitira yunifolomu yanga, koma zaka khumi ndi zitatu zinalibe mawu oterowo. Ndinangowagwira chitenje ngati kamwana. Patsogolo pang'ono ndinawauza za funso lija atate anafunsa amalume, loti kodi wogulayo anali ndi mwana. Ndinati tsopano yankho talipeza. Amayi anakhala pansi m'mphepete mwa njira, ndipo tinafika kwathu mochedwa.

Patapita masabata awiri anandigulira njinga ina ku Santhe, yobiriwira, yopepuka, imene ndikupalasabe mpaka pano ndili Folomu 4. Ananenerera monga mwa masiku onse ndipo yunifolomu inapezeka. Ndi njinga yabwino, sindiidandaula. Ndimaipopa ndi pampu ya kapitawo.

Ndimakonda kulemba m'kope langa zimene zandichitikira, koma za tsiku limeneli ndakhala ndikuzilambalala zaka zonsezi, chifukwa sindinkadziwa woti ndimuimbe mlandu. Kwa nthawi ndithu ndinkakwiyira wa kabaza uja. Nthawi ina ndinkakwiyira amayi chamumtima. Tsopano ndikuona kuti amayi sananame pa zimene anandiphunzitsa: wa kabaza atangoona misozi, mtengo unakweradi. Chimene sanaone n'chakuti pabwalo paja sipanali pamsika. Wa kaunjika akamva kuti malaya ake ndi akutha amaseka, chifukwa sanawavalepo, ndipo mawa atsegula belo lina. Koma munthu amene wayala nyumba yake panja sakugulitsa katundu wa mu hoselo. Mbale iliyonse anadyerapo wina wake. Amayi anayang'ana matayala, tcheni ndi belu, koma mpango wakuda umene unali patsogolo pawo, wofanana ndi umene iwo anavala chaka chathunthu, sanauyang'ane.

Masiku ano ku Santhe amayi akadali aNabanda omwe aja, ndipo anyamata a kaunjika akuwaopabe. Koma matenanti akamasamuka, amafika pabwalo n'kuyamba akhala pa mphasa. Amapereka moni, amafunsa za ulendo, ndipo akagwira chinthu amafunsa kuti chinali cha ndani. Nthawi zina amatsitsabe mtengo, poti umphawi sunatichoke, koma chilema sachipanganso ndi pakamwa. Amangoti, "Ndachikonda, koma ndili ndi izi."

Ine ndikamadutsa pamene a kabaza amaimika njinga zawo, ndimachepetsa liwiro n'kuyang'ana mafelemu akuda. Tizitsulo tija ndikudziwa kuti anatidula kalekale, koma pamene chitsulo chinawotchereredwa pamatsala chipsera, ndipo ine zipsera ndimazidziwa. Sindinaipeze. Ndikukhulupirira kuti ndikamaliza sukulu n'kuyamba ntchito, tsiku lina ndidzamva belu likukhosomola pamsika. Tsiku limenelo sindidzayang'ana kumbali, sindidzagogoda tayala ndi phazi. Ndidzagwira mahandulo n'kunena kuti njinga iyi inali ya atate anga, inalinso ya bambo ake a Esinati, ndipo ndikuifuna. Akweze mtengo ngati akufuna.